Mutu wa Nsomba Ngwa Amalume

Mukanamuona m'makonde a nyumba yosamalira okalamba ku South Bend, ku Amereka, akukankha njinga ya olumala ya gogo wina wachizungu, simukanati Alufeyo Namakhwa ndi msodzi. Anali bambo wamfupi, wa mapewa otambalala, wolankhula motsitsa ngati pali wina wagona pafupi. Ntchito yake inali kusambitsa, kutembenuza ndi kudyetsa nkhalamba za eni, ndipo ankaigwira osanyinyirika, kuzizire kusazizire. Koma Seputembala akamapita kumapeto, chimanga cha m'minda ya Indiana chitauma kuti gwa, munthuyu ankasanduka wina. Ankatsitsa ndodo za mbedza m'galaja, kuzipukuta, kusintha zingwe, kwinaku akuimba mluzu. Mkazi wake Joan akamva mluzuwo ankangopukusa mutu n'kuti, "Basi, matenda aja ayambanso."

Matendawo anachoka nawo kwawo ku Kachulu, pa nyanja ya Chilwa, nyanja ya matope ndi njedza, kumene bwato amalikankha ndi nsungwi chifukwa madzi ake ngosaya. Bambo ake anali msodzi wa makumba ndi matemba. Anamwalira Alufeyo asanamalize pulayimale, ndipo amene anabwera kudzatola ana anali a Sosten, mlongo wawo wa mayi ake, mwini mbumba. A Sosten anali mphunzitsi, osunga Sabata, munthu wosaseka wamba. Anamulera Alufeyo ndi dzanja lolimba, ndipo atapita ku Amereka kukaphunzira n'kukhazikika konko, sanamuiwale. Nyanja ya Chilwa itauma, mabwato atangokhala pa matope ong'aluka, anamuitanitsa. Iwo anadzagula nyumba ku Indianapolis, pafupi ndi Speedway, kumene mwezi wa Meyi mawindo amanjenjemera ndi magalimoto a mpikisano. Alufeyo anapeza ntchito ku South Bend, koma panalibe chachikulu chimene ankachita, kaya kukwatira, kaya kusamuka nyumba, asanatsike ndi msewu kukagwada kwa amalume.

Tsono m'nyumba ya a Sosten munali lamulo limene anawoloka nalo nyanja osalisiya pa bwalo la ndege. Nsomba ikaphikidwa, mutu ngwa wamkulu. Ana amadya kumchira, amayi ndi alendo pakati, koma mutu umapita m'mbale ya mwini mbumba, ndipo palibe wofunsa. Si umbombo ayi. Wodya mutu ndi yemweyo amene amamuthamangira kukagwa maliro, ndi yemweyo amene amakhala pakati banja likamagwedezeka. A Sosten ankaudya mosapupuluma, kafupa ndi kafupa, kuyamwa, mpaka m'mbale mutatsala kamulu koyera kuti mbee. Alufeyo anakula akuonerera. Imvi zinamera m'ndevu, mwana wake wamkazi Atupele anafika poyendetsa galimoto, koma iye mutu wa nsomba anali asanaulawepo. Ngakhale kwake ku South Bend, Joan akagula nsomba, mutu ankaudula n'kuusunga mufiriji, kudikira ulendo wa ku Indianapolis.

Chimene chinkawadandaulitsa a Sosten chinali nsomba za kuno, za m'masitolo a pa Lafayette Road zija, zouma ndi ayezi, zosadziwika kuti zinafa liti. Ankazitembenuza m'mbale ndi chala chimodzi n'kufunsa mkazi wawo, "Theresa, izi n'zodya munthu kapena zomangira nyumba?"

Ndiye chaka cha 2011 mnzake wa Alufeyo, Mervin, nesi wa pa chipatala china ku South Bend komweko, anamupeza ndi nkhani. "Amwene, ndabuka boti ku Alabama. Tidraiva tsiku lathunthu pa msewu wa 65, osakhota, mpaka msewu utathera m'madzi. Mukaone nsomba zenizeni."

Alufeyo ankadziyesa mwana wa m'madzi. Nyanja yamchere inamuchititsa manyazi tsiku loyamba lomwelo. Kuno anasiya anthu atayamba kuvala majuzi, koma kumeneko dzuwa linali likuswa mtengo. Boti linalowa mkati, madzi anasintha kuchoka kobiriwira n'kukhala obiriwira moderako, mtunda unachepa, unachepa, kenako unasowa. Mwana wa msodzi anagwira chitsulo cha m'mbali n'kubweza zonse zimene anadya, Mervin akuseka mpaka kugwira m'mimba. Koma injini itazima, nyambo itatsika pansi pakuya, ndodo inapindika mwadzidzidzi, ndipo chizungulire chonse chinathawa. Manja anakumbukira okha. Anavuula nsomba zofiira ngati tomato, kenako chinsomba chimodzi chotalika ngati mwendo wake, cha mutu wodzaza mbale yaikulu. Pochiyang'ana sanaganize za wina aliyense koma amalume.

Atafika pa doko, mzungu wina wa ndevu zotuwa, wogwira ntchito pa botilo, anamufunsa ngati angamukonzere nsomba zake. Alufeyo anavomera ndi manja awiri. Kukonza nsomba n'chiyaninso, si kupala mamba ndi kuchotsa matumbo? Anapita pa mthunzi kukaimba foni. "Amalume, mutu umene ndikubweretsa uno mudzachita kuitana anthu okuthandizani."

Abale inu, safunsa anadya phula. Pobwerera anapatsidwa jumbo ya minofu yoyera, yosalala, yopanda khungu. Mitu yonse ndi misana yake inali itaponyedwa m'madzi, zimbalame za milomo ngati fosholo zikulimbirana pansi pa doko. Wandevu uja anamumenya paphewa monyadira, akuti simupezamo munga ngakhale umodzi. Alufeyo anangoti kakasi, jumbo ili m'manja. Iye m'moyo wake wonse anali asanaganizepo kuti pa dziko pano pali munthu wa nzeru zake amene angataye mutu wa nsomba.

Ku Indianapolis a Sosten anamasula jumboyo, n'kusuzumiramo nthawi yaitali. Kenako anadzutsa maso. "Alufeyo, nsomba za ku Alabama zimabadwa zopanda mitu?"

Anti Theresa anaseka mpaka misozi. Alufeyo sanaseke. Anadzimva ngati mwana amene watumidwa kumsika n'kutaya mchere panjira.

Kuyambira pamenepo ulendowo unakhala wa chaka ndi chaka, ndipo nsomba zake sankazisiya ndi munthu. Boti likangokocheza ankaima pambali pake, chikhatho chili pa nsomba, mpeni wa eni ukayandikira iye n'kumapukusa mutu. Pa dokopo anafika pomudziwa, asodzi ena n'kumamuponyera mitu yawo mwachipongwe. Iye ankailandira yonse, kuilongeza m'bokosi la ayezi, ndipo Amalawi a ku Indianapolis ndi ku South Bend ankadziwa kuti galimoto ya Namakhwa ikabwera kuli ndiwo. Koma mutu wa amalume unkayenera kukhala wa nsomba imene yafera pa mbedza yake. A Sosten sankathokoza ndi pakamwa. Ankangodya, n'kupukuta zala, n'kuti, "Chaka chino wayesako."

Chaka cha 2017 a Sosten anayamba kuonda. Madokotala a m'tauni anapeza khansa m'mimba, anayesa zoyesa, kenako anawabweza kunyumba ndi bedi la chipatala ndi mawu ofatsa aja amene aliyense amadziwa tanthauzo lake. Bedilo analiika pabalaza. Anthu ankabwera m'magulu, kupemphera, kuimba, kusiya mapoto. Koma a Sosten anatseka pakamwa. Phala ayi, supu ayi, nthochi ayi.

Alufeyo ankazidziwa zimenezi, pajatu ndiyo inali ntchito yake. Nkhalamba ikayamba kutembenuzira nkhope kukhoma supuni ikubwera, ulendo wayandikira. Anali atadyetsapo azigogo ouma mitu, olavula, otukwana, ndipo onsewo ankawanyengerera mpaka kuyasamula. Amalume ake okha ndiwo anamukanika. Ankakhala pambali pa bedi, supuni ili m'mwamba mpaka phala kuzizira, ndipo zinkamupweteka koopsa. Ndodo za mbedza chaka chimenecho sanazikhudze.

Tsiku lina masana a Sosten anayang'ana pa windo, pa mtengo wa pabwalo umene masamba ake anali atayamba chikasu.

"Nyengo yako yakwana," anatero ndi mawu osasa. "Sukupita?"

"Ndipita bwanji, amalume, inu muli chonchi?"

"Nanga ukandikhalira pano ndichira?" Anapuma kaye. "Zonsezi zikundinunkha. Koma utandibweretsera mutu wa nsomba yatsopano, yakupha iwe, mwina ndingayese."

Anti Theresa anamukokera kukhitchini n'kutseka chitseko. "Iwe, usawamvere. Sukuona mmene alili? Akatisiya uli pa msewu, udzadzikhululukira? Ine ndidzagwira chiyani ndekha?"

Alufeyo anadziwa kuti Anti ankanena zoona. Anatuluka panja n'kuimbira Joan. Mkaziyo anamvetsera mpaka kumapeto. "Bambo a Atu, mwawapempha kangati kuti adye? Lero apempha okha. Pitani."

Mervin anasinthana shifiti ndi mnzake, ndipo ananyamuka m'mamawa. Ulendo uno munalibe nyimbo m'galimoto. Anadutsa Kentucky, mapiri a Tennessee, minda ya thonje ya Alabama itayera kuti mbuu, kutentha kukubwerera pang'onopang'ono. Foni inali pa ntchafu ya Alufeyo njira yonse. Ikangolira, ankaitola isanalire kachiwiri.

Kutacha ku nyanja anapeza mphepo ikuwomba mchenga m'maso, mafunde akusweka oyera mpaka kumene maso angafike. Maboti onse anali omangidwa. Mervin anapita kukalankhula ndi mwini boti n'kubwera nkhope itagwa. "Akansela, amwene. Akuti nyanja yakwiya, palibe wolowa mkati mpaka mphepo itagwa, ndipo sakudziwa kuti igwa liti."

Kudikira kunali kosatheka, kubwerera chimanjamanja kunalinso kosatheka. Koma kuseri kwa chilumba kumene kuli dokolo kuli madzi ena otetezeka, osaya, olowerera m'madambo a udzu wautali, kumene madzi a mitsinje amakumana ndi amchere. Zaka zonsezi Alufeyo ankangodutsapo pa mlatho osayang'ana, mtima uli pa zinsomba za pakati pa nyanja. Anabwereka kaboti kakang'ono n'kulowa m'menemo.

Fungo ndi limene linayamba kumugwira, fungo la matope ofunda ndi udzu wovunda. Anazimitsa injini, n'kutola mtengo wokankhira umene unali m'kabotimo, n'kuimirira kumbuyo. Madzi saiwala khwawa. Mapazi anapeza okha poponda, kaboti kanayamba kutsetsereka mwakachetechete m'mbali mwa udzu, ndipo anakumbukira msana wa bambo ake, chinthu chimene anali asanachikumbukire zaka zambirimbiri.

Nsomba zinali kudya, koma osati zofunikazo. Akaponya, mlamba. Akaponyanso, mlamba wina, wa m'madzi amchere, wa ndevu ndi minga yobaya. Tsoka lake, a Sosten monga osunga Sabata nsomba yopanda mamba sankaidya. Ngakhale ku Chilwa, kumene mlamba ndi ndiwo za aliyense, iwo sanaulawepo. Alufeyo ankaikolola pa mbedza n'kuibwezera m'madzi umodziumodzi, dzuwa likukwera, thukuta likulowa m'maso.

"Amwene, titenge womwewu," anatero Mervin atatopa. "Mmene alilimu, titauphika bwino ndi tomato, adziwa?"

Alufeyo anamuyang'ana mpaka Mervin anagwetsa maso. "Munthu wakana mlamba moyo wake wonse, ine nkamunamize pa bedi lomaliza?"

Dzuwa litapendeka foni inalira. Anali Anti Theresa. Sanakalipe, ndipo chimenecho n'chimene chinamuopsa. "Lero sanalankhule," anatero. "Bwerera, mwanangu."

Mervin anayamba kupinda chingwe chake. Alufeyo anangokhala chiimire, mtengo uli m'manja. Anaona kuti walakwa, kuti wasiya amalume ake chifukwa cha mlamba. Nthawi imeneyo madzi anali akuphwa, akutuluka m'timakwalala ta m'dambo kubwerera ku nyanja. Pakamwa pa kakhwalala kena tinsomba tinabalalika pamwamba ngati mchenga woponyedwa. Kenako, m'madzi ofika m'mawondo, munatuluka mchira wofiirira wa dontho lakuda, ukugwedezeka pang'onopang'ono, mwini wake akufukula matope. Inali nsomba imene eni dziko amaitcha redfish, ya mamba akuluakulu ngati zikhadabo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Alufeyo anatsitsa mtengo osagunda kaboti, anakola kansomba kamoyo pa mbedza, n'kuponya patsogolo pake, osati pamutu. Chingwe chinakhala lende. Kenako chinayamba kuyenda chokha. Atakoka, madzi anaphulika, nsomba inathawira ku udzu, ndodo itapindika mpaka m'manja. Mervin ankakuwa, koma Alufeyo anangogwiritsa ndodo. Ankaibweza, iyo n'kuthawanso, iye n'kuibwezanso, mpaka inagona cham'mbali pafupi ndi kaboti. Anaikweza ndi manja onse awiri n'kukhala nayo pansi. Anaitumbula yekha, n'kuikwirira m'ayezi yathunthu.

Anangogonako pang'ono n'kunyamuka kusanache. Analowa mu Indianapolis madzulo dzuwa likadalipo, ndipo atakhota kulowa mu msewu wa a Sosten, Alufeyo anaona chimene ankaopa. Magalimoto anali ndandanda mbali zonse ziwiri. Aliyense wa kwathu amadziwa chimene magalimoto ochuluka pakhomo la wodwala amatanthauza. Anatsika osatseka chitseko, makutu ali tcheru kumvera kulira. Chimene anamva chinali nyimbo yapansipansi ya amayi a mpingo. Anti Theresa anatulukira pakhomo, maso atatupa, n'kunena mawu amodzi okha: "Alipo."

Alufeyo sanalole mayi aliyense kukhudza nsombayo. Anapala mamba yekha, anadula mutu mosaumira, ndi mnofu wa m'khosi womwe, n'kuuphika monga kwawo, tomato, anyezi, mchere pang'ono, msuzi wofika pakati. Fungo litadzaza nyumba, amayi aja analeka kuimba. A Sosten anatsegula maso.

Anti Theresa anawadzutsa n'kuwatsamiritsa pa mapilo. Alufeyo anagwada, anawasambitsa m'manja, n'kuika mbale patsogolo pawo. A Sosten anauyang'ana mutuwo, anautembenuza ndi chala chimodzi monga mwa masiku onse.

"Yakupha iwe?"

"Eya, amalume. Ya mamba."

Anatsina kamnofu ka patsaya, kochepa ngati njere ya chimanga, n'kukaika pa lilime. Anatsinzina. Alufeyo anaona khosi lawo likulimbana, likulimbana, mpaka kanatsika. Chimwemwe chinamudzaza mpaka anafuna kufuula. Anasendeza mbale kuti atengenso.

A Sosten anaika dzanja lawo loonda m'mbali mwa mbale n'kuikankhira kwa iye. "Theresa, mpatse madzi asambe."

"Ayi, amalume, mutu ngwanu. Ine ndidya kumchira, ulipo."

"Sunandimve?" Mawu anali ochepa mphamvu, koma anali a mphunzitsi yemwe uja. "Ukuyesa ndinakutuma ulendo wonse uja chifukwa cha njala? Ndikufuna ndikuone ukudya ndisanapite."

Pamenepo Alufeyo anamvetsa, ndipo anachita mantha kuposa pa nyanja. Anayang'ana uku ndi uku ngati wofuna womulanditsa. Anti Theresa, mayi wamkulu amene anamulandira m'dziko lino ali ndi chikwama chimodzi, anabwera ndi beseni ndi jagi, n'kugwada pamaso pake, misozi ikutsika osaipukuta. Iye anatambasula manja.

Zinali zochititsa manyazi, bambo wa imvi kusadziwa poyambira. Anagwira diso, a Sosten n'kumuletsa. "Diso n'lomalizira, wosusuka iwe. Yamba ndi masaya. Tsopano tsegula apo, pansi pa fupa lalikululo. Yamwa. Usataye, m'menemo ndi mmene muli zonse." Anamutsogolera kafupa ndi kafupa, akupuma pakati, ndipo Alufeyo ankadya akulira, pamaso pa amayi a mpingo ndi Mervin yemwe, osabisa. M'mbale mutatsala mafupa okha, a Sosten anakweza mutu pang'ono kusuzumiramo.

"Waonongako," anatero, "koma uphunzira."

Sanadyenso kanthu. Anamwalira sabata yomweyo, Alufeyo atawagwira dzanja. Uthenga utamveka, magalimoto anadzazanso msewu uja, ena ochokera ku South Bend, ena ku Michigan. Amuna anasonkhana pabalaza pamene panali bedi, mafunso ali mbwee: thupi lipite kumudzi kapena aikidwe konkuno, auze ndani ku Kachulu, alankhule ndani m'malo mwa banja. Alufeyo anali ataima pakhomo la khitchini monga mwa chizolowezi chake, kudikira kuti wamkulu anene. Patapita kanthawi anazindikira kuti m'nyumbamo mwati zii, ndipo onse akuyang'ana iye. Anti Theresa anakoka mpando wa amuna awo n'kuuika pakati.

Alufeyo anapukuta manja pa thalauza, napita kukakhalapo.